Moyo wa Bambo Gregor Mendel, Wansembe Wolima Nsawawa

Makolo athu adaona kalekale kuti mwana atengera kwa omubala, ndipo adati make mbuu mwana mbuu. Koma adaonanso kuti nthawi zina mwana abadwa wosafanana ndi atate kapena amai, atatengera agogo amene adatsikira kuli chete iye asanaoneke. Nkhani yotere yapasula maukwati ambiri, ndipo akazi ambiri osalakwa anyozedwa nayo pabwalo. Munthu woyamba kulongosola bwino m'mene zimenezi zichitikira adali wansembe wa Eklezia Katolika, wa chipani cha Augustino Woyera, dzina lake Gregor Mendel. Nzeruzo adazipeza m'kamunda ka nsawawa pafupi ndi nyumba ya ansembe, ndipo adamwalira anthu asanazindikire kukula kwa chimene adapeza.

UBWANA WAKE

Mendel adabadwa mwezi wa Julayi chaka cha 1822 m'mudzi wa Heinzendorf, m'chigawo cha Silesia, chimene masiku amenewo chidali pansi pa mfumu ya ku Austria. Lero mudziwo utchedwa Hynčice, ndipo uli m'dziko la Czech Republic. Pa ubatizo adamutcha Johann, ndiye kuti Yohane. Atate ake Anton ndi amai ake Rosine adali alimi wamba olankhula Chijeremani, ndipo ana ao amene adakula adali atatu: Veronika, Johann ndi Theresia. Anton adali ndi munda wake, koma mwa lamulo la nthawiyo adayenera kukagwira thangata kwa mwini dziko masiku atatu pa sabata iliyonse. Adali munthu wokonda mitengo ya zipatso, ndipo Johann akali wamng'ono adaphunzira kwa iye kumezanitsa mitengo ndi kuweta njuchi.

Aphunzitsi a m'mudzimo ataona kuti mnyamatayo ngwanzeru, adaumiriza makolo ake kuti amutumize ku sukulu yaikulu. Chotero m'chaka cha 1834 adapita ku mzinda wa Troppau, umene lero utchedwa Opava, nakhala komweko zaka 6. Ndalama zidali zochepa, ndipo kawirikawiri ankagona ndi njala. M'chaka cha 1838 mtengo udagwera atate ake nuwapweteka kwambiri, kotero kuti sadathenso kulima monga kale. Kuyambira pamenepo Johann, ali ndi zaka 16 zokha, adayamba kudzisamala yekha pophunzitsa ana a anthu ena. Njala ndi nkhawa zidamudwalitsa kangapo, ndipo atapita ku Olomouc m'chaka cha 1840 kukaphunzira filosofi, adabwerera kumudzi ali wodwala, nataya chaka chathunthu.

Amene adamupulumutsa ndi mlongo wake wamng'ono Theresia. Kumeneko mwambo udali wakuti mtsikana alowe m'banja ndi chuma chochokera kwa makolo ake. Theresia adatenga gawo la chuma chakecho napatsa mlongo wake kuti atsirize sukulu. Johann sadaiwale zimenezi masiku onse a moyo wake. Pambuyo pake adalipirira maphunziro ana atatu aamuna a Theresia, ndipo awiri mwa iwo adakhala madokotala.

ALOWA M'CHIPANI

Mphunzitsi wake ku Olomouc, Bambo Friedrich Franz, adamulembera kalata yomuchitira umboni kwa ansembe a chipani cha Augustino Woyera a ku nyumba ya Tomasi Woyera mu mzinda wa Brünn, umene lero utchedwa Brno. Adalandiridwa m'mwezi wa Okutobala 1843, napatsidwa dzina latsopano la Gregor. Iye mwini sadabise kuti umphawi udali chimodzi mwa zinthu zimene zidamufikitsa pakhomopo. Mulungu aitana anthu ake podzera m'njira zosiyanasiyana, ndipo moyo wonse wa Gregor udaonetsa kuti adasunga malumbiro ake mokhulupirika.

Mkulu wa nyumbayo, Abati Cyril Napp, adali munthu wokonda maphunziro. M'nyumbamo mudali mabuku ambirimbiri, panja padali munda woyesera mbeu, ndipo ansembe ambiri a pamenepo ankaphunzitsa m'masukulu a mumzinda. Dziko la Moravia lidali lotchuka ndi nkhosa za ubweya, ndipo oweta nkhosa ankakangana pa misonkhano yao za njira yopezera mtundu wabwino. Abati Napp ankapita ku misonkhanoyo, ndipo adawauza kuti chofunika choyamba ndi kudziwa chimene kholo lipatsira mwana, ndi njira imene lichipatsira. Funso limeneli ndilo adadzaliyankha mnyamata amene adamulandira uja.

Gregor adadzozedwa unsembe pa 6 Ogasiti 1847, ali ndi zaka 25. Adawapatsa ntchito ya m'parishi, ndi yoyendera odwala m'chipatala. Koma Bambo Mendel adali a mtima wofewa kwambiri, kotero kuti poona anthu ozunzika ndi akufa tsiku ndi tsiku, iwo eni adadwala. Abati Napp sadawadzudzule. Adaona kuti mphatso yao ili kwina, nawatumiza m'chaka cha 1849 ku mzinda wa Znaim kukaphunzitsa masamu ndi Chigriki.

Ana a sukulu adawakonda, koma boma lidafuna kuti mphunzitsi aliyense akhale ndi setifiketi. Bambo Mendel adalemba mayeso m'chaka cha 1850, nalephera. Apanso Abati sadataye mtima: adawatumiza ku Yunivesite ya Vienna, kumene adaphunzira kuyambira 1851 mpaka 1853. Kumeneko Christian Doppler adawaphunzitsa kuyesa zinthu mosamala ndi kuwerengera zotsatira zake, ndipo Franz Unger adawaphunzitsa za zomera. Atabwerera ku Brno adayamba kuphunzitsa pa sukulu ya sekondale m'chaka cha 1854. Adayesanso mayeso aja m'chaka cha 1856, koma adadwala, ndipo setifiketi sadaipeze. Zaka 14 zonse zimene adaphunzitsa pa sukuluyo adali mphunzitsi wogwirizira chabe.

M'MUNDA WA NSAWAWA

Anthu ophunzira a masiku amenewo ankakhulupirira kuti za atate ndi za amai zisakanikirana mwa mwana monga mkaka usakanikirana ndi tiyi, osatheka kuzilekanitsanso. Bambo Mendel adafuna kuona ndi maso ao ngati zimenezi nzoona. Adasankha nsawawa chifukwa duwa lake lidzipatsa lokha mungu likali lotseka, kotero kuti mtundu uliwonse ukhala wosasakanizika ngati munthu sadaloweererepo. Adagula mitundu 34, naidzala zaka ziwiri kuti aone ngati uliwonse ubala zofanana ndi kholo lake, ndipo adasunga mitundu 22. Tsono adasankha zizindikiro 7 zosavuta kuziona, monga njere zosalala kapena zamakwinya, njere zachikasu kapena zobiriwira, ndi tsinde lalitali kapena lalifupi.

Ntchitoyo idali yofuna kudekha. Ankatsegula duwa lisanakhwime, nachotsa timitu ta mungu ndi kampani kakang'ono, napaka mungu wa duwa la mtundu wina, naliphimba kuti tizilombo tisabweretse mungu wachilendo. Pokolola ankawerenga njere imodzi imodzi, nalemba m'buku. Adachita zimenezi kuyambira 1856 mpaka 1863, pakati pa Misa, mapemphero a tsiku ndi tsiku ndi ntchito ya ku sukulu, ndipo nsawawa zimene adadzala ndi kuziyesa zidakwana ngati 28,000.

Atakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi, ana onse adali atali. Padalibe ndi mmodzi yemwe wa msinkhu wapakati. Ufupi udaoneka ngati watha. Koma ana atali aja atadzipatsa okha mungu, ufupi udatulukiranso mwa zidzukulu: pa zomera 1,064, zazitali zidali 787 ndipo zazifupi 277. Pa njere 7,324, zosalala zidali 5,474 ndipo zamakwinya 1,850. Pa njere 8,023, zachikasu zidali 6,022 ndipo zobiriwira 2,001. Pa zizindikiro zonse 7 chiwerengero chidatuluka chimodzimodzi: pafupifupi zitatu za mbali imodzi pa chimodzi cha mbali inayo.

Bambo Mendel adamasulira motere. Pa chizindikiro chilichonse chomera chisunga zinthu ziwiri, china chochokera kwa atate, china kwa amai. Zinthuzo sizisungunuka, ndipo sizisakanikirana. Zikakumana zosiyana, china chilamulira ndi kuonekera, chinacho chibisala, koma chili chamoyo ndithu. Pobala, chomera chipatsa mwana chimodzi chokha mwa ziwirizo. Tsono ngati makolo onse awiri asunga cha utali ndi cha ufupi, pali njira zinai zokumanira: utali ndi utali, utali wa atate ndi ufupi wa amai, ufupi wa atate ndi utali wa amai, ufupi ndi ufupi. M'njira zitatu zoyambazo utali ulipo, ndipo chomera chitalika. M'njira yachinai yokha ndi m'mene ufupi uonekera. Ndiwo magwero a zitatu pa chimodzi.

Kuti atsimikize, adadzalanso njere zosalala za zidzukulu zija. Ngati maganizo ao adali oona, gawo limodzi mwa magawo atatu liyenera kubala zosalala zokhazokha, ndipo magawo awiri ayenera kubala zosakaniza. Pa zomera 565, zokwana 193 zidabala zosalala zokha, ndipo 372 zidabala zosalala ndi zamakwinya. Adayesanso zizindikiro ziwiri pamodzi, napeza kuti maonekedwe a njere ndi mtundu wake ziyenda padera: pa njere 556 padali zosalala zachikasu 315, zosalala zobiriwira 108, zamakwinya zachikasu 101, ndi zamakwinya zobiriwira 32.

DZIKO SILIDAMVE

Pa 8 Febuluwale ndi pa 8 Malichi 1865 Bambo Mendel adafotokoza zimenezi pa msonkhano wa bungwe la ofufuza zachilengedwe la ku Brno, ndipo m'chaka cha 1866 zidasindikizidwa m'buku la bungwelo. Anthu odziwa zomera sadazolowere masamu, ndipo sadaone phindu la kuwerenga njere. Bambo adalembera makalata katswiri wotchuka wa ku Munich, Carl Nägeli, amene adawalimbikitsa kuyesa therere lina la kutchire lotchedwa Hieracium. Adavutika nalo zaka zingapo mpaka maso ao adayamba kupweteka, koma silidatsate malamulo aja. Chifukwa chake chidadziwika iwo atamwalira kale: chomeracho chimatha kubala njere popanda mungu, kotero kuti ana ake atengera kwa amai okha.

Abati Napp adamwalira m'chaka cha 1867, ndipo pa 30 Malichi 1868 ansembe anzao adasankha Bambo Mendel kuti akhale Abati. Udindowo udawalanda nthawi ya m'munda. Komabe sadaleke kuweta njuchi ndi kulemba za nyengo tsiku ndi tsiku, ndipo kamvulumvulu wamkulu atagwa pa Brno pa 13 Okutobala 1870 adalemba mosamala m'mene adayendera. M'chaka cha 1874 boma lidaika msonkho wapadera pa nyumba za zipani. Abati Mendel adaona kuti lamulolo nlosalungama, nakana kulipira kufikira imfa yao, ngakhale akulu a nyumba zina adagonja. Mlanduwo udawatopetsa nuwatayitsa abwenzi. Adadwala nthenda ya impso, namwalira pa 6 Januwale 1884, tsiku la Epifania, ali ndi zaka 61. Anthu ambiri adabwera ku maliro kudzalira Abati wachifundo ndi mphunzitsi wao wakale, osadziwa kuti ali kuika m'manda tate wa nthambi yatsopano ya maphunziro.

M'chaka cha 1900 anthu atatu, Hugo de Vries wa ku Holland, Carl Correns wa ku Germany ndi Erich von Tschermak wa ku Austria, adalengeza zotsatira zonga zomwezo, ndipo zidadziwika kuti wansembe wa ku Brno adaziona kale zaka zoposa 30 zapitazo. M'chaka cha 1909 Wilhelm Johannsen wa ku Denmark adatcha zinthu za Mendel zija dzina lakuti jini. Owerenga athu asasokoneze majini amenewa ndi mizimu yoipa imene anthu ena aitcha dzina lomwelo.

CHIMENE CHIDABISALA M'NJERE

Bambo Mendel adadziwa m'mene zinthuzo ziyendera, koma sadazione, ndipo sadadziwe kuti zipangidwa ndi chiani. Iwo akali moyo, m'chaka cha 1869, Friedrich Miescher adapeza chinthu chachilendo m'kati mwa maselo, ndiwo tizipinda ting'onoting'ono timene timanga thupi la chamoyo chilichonse. Chinthucho lero chitchedwa DNA. M'chaka cha 1944 Oswald Avery ndi anzake ku New York adaonetsa kuti chibadwa chisungidwa m'menemo, ndipo m'chaka cha 1953 James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge, pothandizidwa ndi zithunzi za Rosalind Franklin ndi Maurice Wilkins a ku London, adalongosola kamangidwe kake.

DNA ndi nkhosi ziwiri zazitali zopotana ngati chingwe. Pa nkhosi iliyonse pandandalikidwa timagawo ta mitundu inai, timene ophunzira atitcha zilembo A, T, C ndi G. Chilembo A chigwirana ndi T cha pa nkhosi inayo, ndipo C chigwirana ndi G. Jini ndi chigawo cha nkhosiyo, ndipo zilembo zake ndi malangizo a kapangidwe ka puloteni. Mapuloteni ndiwo antchito a m'thupi: ena amanga minofu, ena agaya chakudya, ena anyamula mpweya m'magazi, ena apanga utoto wa khungu kapena wa duwa. Puloteni iliyonse ndi mkanda wa timikanda totchedwa amino acid, timene tilipo mitundu 20. Tsono funso lidali lakuti: zilembo zinai zisanduka bwanji mkanda wa mitundu 20? Yankho lidapezeka kuti pali ntchito ziwiri, kukopera ndi kumasulira.

Akatekisti athu adzamva msanga fanizo ili. Buku lalikulu likhala ku parishi, ndipo silichoka m'chipinda chake. Munthu akafuna mau a tsamba limodzi, awakopera pa pepala, natenga pepalalo kupita nalo kumudzi. Ndi m'mene selo lichitira. DNA ikhala m'phata la selo. Pakafunika puloteni ina, mlembi wotchedwa RNA polymerase akhala poyambira jini yake, nalekanitsa nkhosi ziwiri zija pang'ono, nayenda pa nkhosi imodzi akulumikiza zilembo zogwirizana nazo. Chotuluka ndi nkhosi imodzi yaifupi yotchedwa mRNA, ndiye kuti RNA wamthenga. M'malo mwa T, RNA igwiritsa ntchito chilembo U. Chotero pamene DNA ili ndi T, A, C, mlembi alemba A, U, G. M'zomera ndi m'nyama kalatayo iyamba yakonzedwa, zigawo zosafunika zidulidwa, ndipo pamenepo ituluka m'phata podzera pa timabowo. Uku ndiko kukopera. RNA wamthenga adadziwika m'chaka cha 1961.

Kunja kwa phata kalatayo ikumana ndi kachipangizo kotchedwa ribosome, ndipo apa ndipo payamba kumasulira, pakuti mau achoka m'chilankhulo cha zilembo kulowa m'chilankhulo cha timikanda. Ribosome iwerenga zilembo zitatu zitatu, ndipo zitatu zilizonse ndi liu limodzi. Popeza zilembo zilipo zinai, mau otheka alipo 64. Mwa amenewa 61 atchula amino acid, ndipo 3 otsalawo, UAA, UAG ndi UGA, ndi chizindikiro chakuti ntchito yatha. Liu lakuti AUG ndilo loyambira, ndipo litchula kamkanda kotchedwa methionine. Pali amtengatenga otchedwa tRNA: aliyense anyamula kamkanda ka mtundu wake ku mbali imodzi, ndipo ku mbali inayo ali ndi zilembo zitatu zogwirana ndi liu lake. Ribosome ikafika pa liu, wamtengatenga woyenera akhala pamenepo, kamkanda kake kalumikizidwa ku kanzake, ndipo ribosome isendera pa liu lotsatira, monga munthu wotunga korona atunga mkanda umodzi umodzi mwa dongosolo lake. Pofika pa liu lotsiriza mkandawo umasulidwa, nupindika m'maonekedwe ake, nuyamba ntchito. Marshall Nirenberg ndi Heinrich Matthaei adamasulira liu loyamba m'chaka cha 1961, pamene adapeza kuti UUU litchula phenylalanine, ndipo pofika 1966 mau onse 64 adali atadziwika. Chodabwitsa nchakuti mau omwewo, kupatula pang'ono pokha, ali ndi tanthauzo limodzi mwa munthu, mwa mbuzi, m'chimanga ndi m'nsawawa.

Ndi nzeru zimenezi ophunzira adabwereranso ku nsawawa za Bambo Mendel. M'chaka cha 1990, ku John Innes Institute mu mzinda wa Norwich ku England, adapeza chifukwa cha makwinya. Pali puloteni imene ithandiza njere kusandutsa shuga kuti akhale sitachi. M'nsawawa zamakwinya, zilembo zachilendo ngati 800 zidalowerera pakati pa jini ya puloteniyo, kotero kuti pokopera ndi pomasulira sipatuluka wantchito wamphumphu. Shuga achuluka, njere imwa madzi ambiri ikali yaiwisi, ndipo pouma ichita makwinya. Apa taonanso chifukwa chimene makwinya amabisalira: chomera chikakhala ndi jini imodzi yabwino ndi ina yoonongeka, yabwinoyo ipanga puloteni yokwanira, ndipo njere isalala. M'chaka cha 1997 adapeza kuti ufupi wa tsinde uchokera pa chilembo chimodzi chokha chosinthika, chimene chiika kamkanda ka threonine m'malo mwa alanine, ndipo puloteni yopanga mankhwala okulitsa tsinde ifooka. M'chaka cha 2010 adapeza kuti duwa liyera pamene yaonongeka puloteni imene ntchito yake ndi kulamula kuti majini a utoto akoperedwe. Zizindikiro zitatu zotsala zidalongosoledwa m'chaka cha 2025.

PHINDU LAKE KWA IFE

Mlimi amene adadzalapo chimanga cha haibulidi adziwa kuti chaka choyamba mbeu zikula zofanana ndi kubala bwino, koma akadzala njere za m'nkhokwe chaka chachiwiri, m'munda mutuluka zazitali ndi zazifupi, ndipo zokolola zichepa. Ndi zomwe Bambo Mendel adaona: ana afanana, zidzukulu zisiyana. Alangizi a zaulimi akamati tigule mbeu yatsopano ya haibulidi chaka chilichonse, chifukwa chake nchimenechi.

Koma pali nkhani ina yolemera koposa. M'midzi mwathu mubadwa ana achialubino kwa makolo akuda onse awiri. Kawirikawiri mlandu ugwera mai: ena ati adayenda ndi mwamuna wina, ena ati adalodzedwa kapena adachimwira mizimu, ndipo amuna ena athawa banja. Lamulo la Mendel liweruza mlanduwu poyera. Utoto wa khungu upangidwa ndi mapuloteni, ndipo munthu akhoza kusunga jini imodzi yabwino ndi ina yosagwira ntchito, iye nakhala wakuda ndithu, osadziwa kanthu. Mwana abadwa mwalubino pokhapokha walandira jini yosagwira ntchitoyo kwa atate ndi kwa amai omwe. Makolo otere, pa mimba iliyonse pali mwai umodzi mwa inai wakuti mwana adzakhala mwalubino. Atate ndi amai apereka mofanana, ndipo palibe wochimwa. M'thupi la mwanayo mulibe matsenga, mulibenso chizimba cha chuma monga anenera anthu oipa amene apha abale athuwa. Chosowa mwa iye ndi utoto wokha, ndipo chimene afuna kwa ife ndi chikondi, chipewa, zovala zophimba thupi ndi mafuta oteteza ku dzuwa.

Chimodzimodzi nthenda ya magazi yotchedwa sickle cell, imene ivutitsa ana ambiri m'maiko a malungo. M'zaka za 1956 ndi 1957 Vernon Ingram ku Cambridge adaonetsa kuti puloteni yonyamula mpweya m'magazi a odwalawo isiyana ndi ya anthu ena pa kamkanda kamodzi kokha. Liu lakuti GAG lidasanduka GUG, ndipo ribosome itunga valine pamene padayenera kukhala glutamic acid. Chifukwa cha chilembo chimodzicho maselo ofiira apindika ngati zenga, natsekereza mitsempha ing'onoing'ono, ndipo mwana amva ululu woopsa. Wolandira jini imodzi yokha kawirikawiri sadwala nthendayi, ndipo atetezedwa ku malungo aakulu. Wodwala ndi amene walandira kwa makolo onse awiri. Mwana wotere afunika chipatala, ndipo agogo ake asanamiziridwe ufiti. Akatekisti ndi alangizi a mabanja achita bwino kufotokozera zimenezi achinyamata okonzekera ukwati.

CHIKUMBUTSO CHAO

Ngakhale atamwalira, Bambo Mendel sadaleke kutsutsidwa. M'chaka cha 1948 boma la Soviet Union, pomvera Trofim Lysenko, lidaletsa kuphunzitsa malamulo ao, ndipo m'chaka cha 1950 boma la chikomyunizimu la Czechoslovakia lidatseka nyumba za zipani, pamodzi ndi ya ku Brno. Maboma awiriwo adatha, ansembe a Augustino Woyera adabwerera kunyumba kwao, ndipo malamulo a Mendel aphunzitsidwa m'masukulu a dziko lonse lapansi, ndi kwathu kuno komwe. M'chaka cha 1984, pokumbukira zaka 100 za imfa yao, Papa Yohane Paulo II adawatamanda monga munthu amene adagwirizanitsa chikhulupiriro ndi maphunziro. M'chaka cha 2021, ndi chilolezo cha akulu a chipani chao, ophunzira a ku Brno adafukula mafupa ao nawerenga DNA yao, pokonzekera chikondwerero cha zaka 200 za kubadwa kwao.

Bambo Mendel sali m'gulu la oyera amene Eklezia adawalengeza, koma moyo wao uli ndi phunziro kwa Akristu tonse. Mwana amene walephera mayeso akumbukire kuti wansembe ameneyu adalephera kawiri. Makolo ndi abale amene adzimana kuti wina aphunzire akumbukire Theresia. Akulu a mpingo akumbukire Abati Napp, amene poona wansembe wosatha ntchito ina adamufunira ntchito yomuyenera. Ndipo amene aopa kuti maphunziro a zachilengedwe achotsa munthu kwa Mulungu, adziwe kuti malamulo a chibadwa adapezedwa ndi munthu amene m'mawa ankapereka nsembe ya Misa, masana nawerenga njere, pokhulupirira kuti Mlengi adaika dongosolo m'zolengedwa zake ndipo adatipatsa nzeru kuti tilifunefune. Mzimu wao uuse mu mtendere.